KUMANGA CHIFANIZO CHA KASINJA

Ana a m'midzi yathu adziwa kuumba ng'ombe zadothi, nazipatsa nyanga ndi linunda. Enanso apinda waya, napanga galimoto zoyenda pa zitsekerero za mabotolo. Nzeru imeneyi njabwino, ndipo mwana amene ali nayo asaileke. Tsono ku maiko ena, monga ku England ndi ku Japan, kuli ntchito ina ya manja yonga imeneyi, imene aichita ana ndi akulu omwe. Munthu agula bokosi m'sitolo, ndipo m'bokosimo apezamo tizidutswa tambirimbiri ta pulasitiki. Akatilumikiza bwino, chituluka chifanizo chaching'ono cha ndege, kapena cha sitima ya pamadzi, kapena cha galimoto yankhondo.

Koma pali kusiyana kumodzi. Woumba ng'ombe ayesa ndi maso okha, ndipo nyanga zikatalika kopitirira palibe womdzudzula. Womanga chifanizo cha m'bokosi satero. Iye afuna kuti kanthu kake kanene zoona za chinthu chachikulu chimene kafanizira: utali wake, maonekedwe ake, ndi malo a chiwalo chilichonse. M'phunziro lino tiona mamangidwe a chifanizo cha kasinja wina wakale wa Angerezi, wotchedwa Mark IV.

1. Chimene anapangira kasinja

Kasinja ndiye galimoto yankhondo yokutidwa ndi zitsulo zochindikala, yosayenda pa matayala koma pa malamba achitsulo. Anayamba kumpanga pa nkhondo yaikulu ya 1914 kufikira 1918. Nkhondo imeneyo inafika ndi kuno komwe, ndipo makolo athu ambiri anapita nayo, ena monga asilikali, ena monga amtengatenga. Iwo anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera dzina la mfuti ija yolavula zipolopolo zambiri kosalekeza. Akasinja sanafike ku nkhondo ya kuno, koma mfuti yomweyo ya chiwaya ndiyo inachititsa kuti anthu a ku Ulaya ampange kasinja.

Ku France zinthu zinali chotere. Asilikali a mbali zonse ziwiri anakumba ngalande zazitali nakhalamo, Ajeremani uko, Angerezi ndi Afalansa uku. Patsogolo pa ngalandezo anatchingapo ndi waya waminga, ndipo kuseri kwa wayayo anaikako mfuti za chiwaya. Gulu lililonse lotuluka m'ngalande kuti likathire nkhondo linakodwa m'waya, nilitha ndi zipolopolo. Anthu zikwi zambiri anafa tsiku limodzi, osalanda ngakhale malo olingana ndi munda. Pamenepo akulu ankhondo anaona kuti pafunika chinthu chochita ntchito zitatu: kuletsa zipolopolo, kupondereza waya waminga, ndi kuoloka ngalande.

M'chaka cha 1915, mumzinda wa Lincoln ku England, kampani ya William Foster, imene inali kupanga makina a ulimi, inayamba kuyesa. Amisiri otsogolera ntchitoyi anali William Tritton ndi Walter Wilson. Choyamba chimene anapanga anachitcha Little Willie, koma sichinathe kuoloka ngalande zotakata. Anapanganso china, chimene malamba ake anazungulira thupi lonse, ndipo chimenechi chinakhoza. Boma linafuna kubisira adani ntchitoyi, chotero linafalitsa mbiri yakuti akupanga mathanki osungira madzi. Dzinalo linakanirira, ndipo kufikira lero Angerezi amtcha kasinja tank.

Akasinja analowa m'nkhondo nthawi yoyamba pa 15 September 1916, pafupi ndi mudzi wa Flers, m'dera la mtsinje wa Somme. Anakonza akasinja 49, koma ambiri anafa m'njira asanafike pa adani. Amisiri anaona zolakwa zake nazikonza, ndipo mu 1917 anatulutsa Mark IV. A mtundu umenewu anapangidwa 1,220, ndiwo anachuluka koposa mwa akasinja a Angerezi pa nkhondoyo.

2. Za muyeso

Pa chivundikiro cha bokosi palembedwa manambala awiri, chotere: 1/35. Umenewu ndiwo muyeso, ndipo ndiwo mwini ntchito yonse. Tanthauzo lake ndi ili: sentimita imodzi pa chifanizo iimira masentimita 35 pa kasinja weniweni. Mutafuna kudziwa utali wa chiwalo chilichonse pa chifanizo, mutenge utali wake weniweni ndi kuugawa ndi 35.

Tiyeni tiyese. Mark IV anali wa mamita 8 m'litali, ndiwo masentimita 800. Tikagawa 800 ndi 35 tipeza pafupifupi 23. Tsono chifanizo chake chikhala cha masentimita 23, chosafika ndi utali wa rula ya kusukulu. M'mimba mwake anapitirira pang'ono mamita 4, ndipo pa chifanizo akhala pafupifupi masentimita 12. Msinkhu wake unali mamita awiri ndi theka, pa chifanizo masentimita 7. Msilikali wa masentimita 175 akhala kamunthu ka masentimita 5, kolingana ndi chala chanu.

Taonani tsono chifukwa chake muyeso uyenera kukhala umodzi ponseponse. Ngati mmisiri achepetsa thupi la kasinja ndi 35, koma chitseko nachichepetsa ndi 20, chitsekocho chidzakhala chachikulu kopitirira. Woona adzayesa kuti asilikali analowa choimirira, pamene zoona zake nzakuti analowa chowerama pa kakhomo kakang'ono. Chifanizo chotero chinama, kungakhale chipakidwe utoto wokongola. Koma muyeso ukasungika, mukhoza kuimika kamunthu kaja pambali pa kasinja, ndi kudziwa pomwepo ukulu wake wa chinthu chimene simunachione ndi maso.

Ilipo miyeso inanso. Pa muyeso wa 1/72 kasinja yemweyu akhala wa masentimita 11 okha. Nambala yachiwiri ikakula, chifanizo chichepa. Muyeso wa 1/35 unafala chifukwa cha kampani ya Tamiya, ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 iwo anapanga chifanizo cha kasinja wa Ajeremani wotchedwa Panther, choyenda ndi mabatire. Anachipanga cha ukulu wakuti mabatirewo akwanemo, ndipo atachiyesa anapeza kuti chachepa ka 35. Makampani ena anatsata muyeso womwewo, ndipo lero zifanizo zambiri za akasinja zili za 1/35.

3. Za m'bokosi

Mabokosi oyamba a zifanizo za pulasitiki anatuluka ku England m'chaka cha 1936, ndipo anali a ndege, otchedwa Frog Penguin. Kampani ina ya komweko, ya Airfix, inayamba kupanga zifanizo mu 1949 ndi chifanizo cha thirakitala ya Ferguson. Chifanizo cha Mark IV achipanga makampani angapo, ndipo a Tamiya anatulutsa chawo mu 2014, potha zaka 100 chiyambire nkhondo ija.

Tizidutswato atipanga monga momwe tiumbira njerwa. Woumba njerwa athira dothi m'chikombole, ndipo njerwa itenga maonekedwe a chikombolecho. Ku fakitale chikombole nchachitsulo, cha mbali ziwiri zotsekana, chosemedwa m'kati mosamala ndithu. Asungunula pulasitiki ndi moto, naikankhiramo mwamphamvu kupyolera m'tinjira tating'ono, kufikira idzaza malo onse. Ikazizira atsegula chikombole. Pulasitiki imene inaumira m'tinjira tija isanduka chimango, ndipo tizidutswa tilendewera pa chimangocho monga zipatso pa nthambi.

Potsegula bokosi mupeza zimango zingapo. Chimango chilichonse chili ndi lemba lake, A, B, C, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi nambala pambali pake. Mupezanso kapepala ka zizindikiro zomata, ndi buku la malangizo lokhala ndi zithunzi. Bukuli lionetsa ntchito yonse mwa dongosolo: choyamba ichi, chachiwiri icho. Mmisiri wanzeru aliwerenga lonse kufikira kumapeto asanagwire mpeni. Atatero atsuka zimango m'madzi ofunda a sopo, pakuti nthawi zina pakhala timafuta ta m'chikombole toletsa utoto kugwira, naziyanika pamthunzi. Padzuwa lotentha pulasitiki ipindika.

Zipangizo zofunika si zambiri: kodulira konga pulayala, mpeni waung'ono wakuthwa, tupa yosalala kapena sandipepa, kambaniro kogwirira tinthu tating'ono, guluu, maburashi awiri kapena atatu, ndi utoto. Pafunikanso thabwa lodulirapo ndi malo owala.

4. Kudula ndi kulumikiza

Lamulo loyamba ndi ili: musadule tizidutswa tonse nthawi imodzi. Nambala ili pa chimango, si pa kachidutswa ayi. Mukadula tonse ndi kutiunjika pamodzi, simudzadziwanso ka kumanja ndi ka kumanzere, pakuti tambiri tifanana. Dulani kokhako kamene buku laitana pa nthawiyo. Ndipo musakapotokole ndi zala monga mothyolera chimanga, chifukwa pothyokapo pasiya bala. Dulani patali pang'ono ndi kachidutswako, kenaka musepule kotsalako ndi mpeni, ndi kusalaza ndi tupa.

Mukayang'anitsitsa mudzaona kamzere kakang'ono kozungulira tizidutswa tina, makamaka pa mipope ya mfuti. Pamenepo ndi pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Mfuti yeniyeni inalibe mzere wotero, tsono muupale pang'onopang'ono kufikira utatha. Pogwira mpeni, kuthwa kwake kuloze kutali ndi chala chanu. Ana aang'ono agwire ntchito imeneyi pali wamkulu, ndipo tizidutswa tisasiyidwe pansi pamene khanda likwawa, lingatimeze.

Lamulo lachiwiri: yesani musanamate. Gwirizanitsani zidutswa ziwiri popanda guluu, muone ngati zikumana bwino. Pakakhala mpata, funani chimene chatsekereza, muchichotse. Chifukwa cha lamuloli chili m'machitidwe a guluu wake. Iye sali ngati ulimbo wogwira mbalame, umene ungokhala pakati pa zinthu ziwiri. Guluu ameneyu asungunula pulasitiki pang'ono mbali zonse ziwiri, ndipo zikauma zisanduka chinthu chimodzi, monga zitsulo zowotcherera. Chimene mwamata mokhota chikhala chokhota, ndipo pochikanganula chithyoka.

Pa chifukwa chomwecho guluu achepe. Kadontho ka pa nsonga ya burashi kakwanira, pakuti kayenda kokha m'mphako ya zidutswa ziwirizo. Akachuluka asefukira kunja nasungunula zokongoletsa. Ndipo mukagwirapo ndi chala, chidindo cha chalacho chikhala pomwepo masiku onse. Fungo lake lipweteka mutu, ndiponso agwira moto msanga. Chotero mazenera akhale otsegula, ndipo nyali ya parafini kapena mbaula ikhale kutali.

Lamulo lachitatu: lindirani. Zidutswa zazikulu muzimange ndi mphira kapena kuzipana ndi zopanira zovala, ndi kuzisiya usiku wonse. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Chifanizo chonga ichi sichitha tsiku limodzi. Amisiri ambiri achigwira madzulo okhaokha, masabata angapo.

5. Chiwalo chilichonse ndi ntchito yake

Womanga mosafulumira aphunzira kanthu pa kachidutswa kalikonse, akamadzifunsa kuti, kodi ichi anachiikiranji? Poyamba amanga thupi lapakati, longa bokosi. M'menemo munali injini ya Daimler, ya mphamvu ya akavalo 105, itakhala pakati penipeni pa chipinda cha anthu. Injini imeneyo inayenera kukoka matani pafupifupi 28, chotero kasinjayo anayenda makilomita 6 okha pa ora, liwiro la munthu woyenda mofulumira.

Kenaka amanga mbali ziwiri zazikulu, za kumanja ndi kumanzere. Mudzaona kuti kutsogolo kwake nkotukuka, koloza kumwamba. Anatero kuti lamba akakumana ndi chiunda kapena khoma la ngalande, akwerepo. Utali wa thupi lake unamthandiza kuoloka ngalande ya mamita atatu, pakuti mutu unafika tsidya lija matako asanachoke tsidya lino. Pomata mbali zimenezi muike chifanizo pa thebulo losalala, muone kuti zonse ziwiri zakhudza pansi mofanana. Zikapendekeka pano, zonse zobwera pambuyo zidzapendekeka.

Malamba ndiwo ntchito yotopetsa. M'mabokosi ambiri lamba abwera m'tizigawo tambiri, ndipo mulumikiza kamodzikamodzi kufikira atazungulira thupi lonse. Samalani kuti tonse tiloze kumodzi, ndi kuti lamba wa kumanja alingane ndi wa kumanzere. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ntchito ya lamba ndiyo kugawa kulemera pa malo aakulu. Munthu woponda m'dambo amira mwendo, koma akayala thabwa napondapo samira. Kasinja ayala njira yake yachitsulo patsogolo, napondapo, nainyamulanso kumbuyo.

M'mbali zonse ziwiri mumata tizipinda totulukira kunja, mokhala mfuti. Akasinja a masiku ano anyamula mfuti yaikulu pamwamba, m'chipinda chozungulira. Koma Mark IV akadaisenza pamwamba akadalemera kumutu nagubuduka, ndiponso mfuti za m'mbali zinatha kuombera pansi m'ngalande. Anali a mitundu iwiri. Wokhala ndi mizinga iwiri pamodzi ndi mfuti za chiwaya anamutcha wamwamuna. Wokhala ndi mfuti za chiwaya zokhazokha anamutcha wamkazi. Mizinga ya Mark IV njaifupi, chifukwa yaitali ya akasinja oyamba inali kugunda pansi ndi kudzala dothi. Kumbuyo, kunja kwa thupi, mumata thanki ya petulo. Pa akasinja oyamba petulo anali m'kati, kutsogolo, ndipo chipolopolo chikaboola anthu anapsa ndi moto. Chifukwa chake amisiri anaisunthira kunja.

Padenga pali njanji ziwiri zopyapyala, ndipo pa njanjizo pagona chipika cha mtengo. Kasinja akatitimira m'matope, anthu awiri anatuluka namangirira chipikacho ku malamba ndi unyolo. Malamba poyenda anachikokera pansi pa mimba, kasinja napondapo, natuluka. Njanjizi zithyoka msanga pa chifanizo, tsono muzimate potsiriza. Amisiri ena aonjezapo mtolo waukulu wa timitengo pamwamba pa mutu. Pa nkhondo ya ku Cambrai, imene inayamba pa 20 November 1917, Angerezi anasonkhanitsa akasinja oposa 400. Ngalande za Ajeremani kumeneko zinali zotakata kwambiri, chotero akasinja anasenza mitolo yomangidwa ndi unyolo, naigwetsera m'ngalande kuti aolokerepo. Mtolo wotere sulira ndalama: tinthambi touma topyapyala kapena zitsotso za tsache zikwanira, malinga musunge muyeso.

6. Kupaka utoto

Musanapake, yang'anani molumikiza monse. Pamene patsala mng'alu mutsekepo ndi phala lake logulidwa m'sitolo, ndipo likauma musalaze. Ena ayesa kuti utoto udzabisa zolakwa, koma utoto uzionetsa poyera. Chifukwa chake amisiri ayamba ndi utoto wotuwa wopyapyala. Umenewu uthandiza utoto weniweni kugwira, ndiponso uulula ming'alu imene maso sanaione.

Thupi lonse la Mark IV ladzala ndi timitu ta misomali imene inamanga zitsulo zake, ndipo pa chifanizo timituti tichepa koposa njere ya mawere. Mukapaka utoto wokandapala kamodzi, tonse tikwiririka. Sungunulani utoto ukhale ngati mkaka, mupake kawiri kapena katatu, ndi kulindira uume musanabwereze. Akasinja oyamba a 1916 anawapaka mawangamawanga kuti abisike, koma matope a ku France anakuta zonse, ndipo pambuyo pake anangowapaka utoto umodzi wofiirira ngati dothi.

Zizindikiro ndi manambala zili pa kapepala kaja. Mudula chimodzi, muchiviika m'madzi ofunda kanthawi kochepa, ndipo chitereruka kuchoka pa pepala kunka pa chifanizo. Muchikankhe ndi burashi yonyowa kufikira chitakhala pamalo pake, ndi kupsinja madzi ndi kansalu. Apanso mufunse chimene chili choona. Mu 1918 Angerezi anayamba kulemba mizere itatu kutsogolo kwa akasinja awo, woyera, wofiira ndi woyera, chifukwa Ajeremani anali atagwira akasinja ena a Angerezi namenya nawo nkhondo. Tsono amene amanga kasinja wa ku Cambrai wa 1917 asaikepo mizereyo, ingakhale ikongola.

Chotsala ndicho kukalambitsa chifanizo, pakuti kasinja wa kunkhondo sanali woyera ngati mbale yatsopano. Mutenga utoto wakuda wosungunuka kwambiri ngati madzi, muukhudzitsa pa misomali ndi m'ming'alu, ndipo uyenderera wokha nusiya mthunzi. Kenaka mutenga utoto wowalirapo pa burashi, muipukuta pa nsalu kufikira itatsala pang'ono kuuma, ndi kuipititsa mopepuka pamwamba; igwira nsonga zokha, ndipo misomali ioneka. Matope muwaike pamene matope akadafika. Popeza malamba a Mark IV anapita pamwamba pa thupi, ananyamula matope kukwera nawo, ndipo matopewo anatsikira m'mbali. Wopaka matope paliponse mosaganiza aononga ntchito yake. Woganiza za mayendedwe a chinthucho aika pang'ono pamalo poyenera.

7. Anthu a m'katimo

Chifanizo chikatha, chiikeni pa dzanja, ndipo muikepo timiyala 8 ta utali wa masentimita 5 pambali pake. Timeneto ndi anthu amene anakhala m'kati, pamodzi ndi injini, mfuti ndi zipolopolo. Anayi anali oyendetsa: woongolera, mtsogoleri amene anagwiranso mabuleki, ndi awiri kumbuyo osintha magiya a lamba uyu ndi uyo. Anayi enawo anali a mfuti. Phokoso linali lalikulu kotero kuti sanathe kumvana. Woongolera anagogoda chitsulo nakweza zala kuti anzake adziwe chochita. Kutentha kunali koopsa, utsi wa injini unadzaza chipinda, ndipo ena anakomoka nawo. Chitsulo chowatchinjiriza sichinapitirire mamilimita 12. Chinaletsa zipolopolo za mfuti, koma zikagunda kunja tizitsulo totentha tinathethekera m'kati, chotero anthuwo anavala zophimba nkhope. Chipolopolo cha mzinga chinaboola ndithu. Pofuna kutumiza mawu kwa akulu awo, anatulutsa nkhunda pa kabowo, itamangiriridwa kalata kumwendo.

Asilikali anapatsa akasinja awo maina. Wina wamkazi, wa nambala D51, anamutcha Deborah. Pa tsiku loyamba la nkhondo ya ku Cambrai iye analowa m'mudzi wa Flesquières, ndipo mizinga ya Ajeremani inamuomba, ena mwa anthu ake nafera pomwepo. Pambuyo pake anamkwirira m'dzenje, nakhala pansi pa nthaka zaka 80, kufikira anamfukula mu 1998. Lero ali m'nyumba yosungiramo zinthu zakale m'mudzi womwewo, pafupi ndi manda a asilikali, ndipo mabala ake aonekabe. Little Willie uja, pamodzi ndi Mark IV wina, asungidwa ku Bovington ku England. Opanga mabokosi apita ku malo otere ndi zoyesera zawo, nayesa chitsulo chilichonse, kuti chikombole chawo chisaname.

Chifukwa chake, ana inu, musayese kasinja chinthu chosekera. Anampanga pa nthawi ya tsoka lalikulu, ndipo anyamata amene analowamo anali ndi amayi awo owalindira kumudzi. Womanga chifanizo moona adziwa kuchepa kwa khomo limene anthu 8 anayenera kutulukirapo moto utabuka, ndipo sanena za nkhondo mopepuka.

8. Yesani nanunso

Mabokosi amenewa sapezeka m'sitolo za kumudzi, ndipo mtengo wake ngwokwera. Koma muyeso sugulidwa. Tengani chingwe ndi rula, mukayese ngolo ya ng'ombe, kapena nkhokwe, kapena chipinda chimene muphunziramo. Lembani utali, m'mimba ndi msinkhu wake. Sankhani nambala imodzi yosavuta, monga 10 kapena 20, ndipo mugawe miyeso yonse ndi nambala yomweyo. Jambulani ziwalo zake pa pepala poyamba, kenaka muzidule pa katoni, pa bango kapena pa phesi la chimanga. Yesani musanamate, ndipo lindirani ziume. Mukatha, itanani mnzanu ayese chifanizocho ndi rula, achulukitse ndi nambala ija, ndipo apite akaone ngati ngolo yeniyeni ivomereza.

MAFUNSO

1. Tchulani ntchito zitatu zimene anapangira kasinja.
2. Kodi 1/35 itanthauzanji?
3. Khomo la masentimita 70 lidzakhala lalitali bwanji pa muyeso wa 1/35?
4. Ngolo ya masentimita 240 idzakhala yaitali bwanji pa muyeso wa 1/20?
5. Chifukwa ninji sitidula tizidutswa tonse nthawi imodzi?
6. Guluu wa pulasitiki asiyana bwanji ndi ulimbo?
7. Chipika cha padenga ndi mtolo wa timitengo zinali za ntchito yanji?
8. Chifukwa ninji kasinja wa 1917 sayenera kukhala ndi mizere yoyera ndi yofiira?